Nyanga M'sutikesi ya a Positi

Galu wa apolisi sanachedwe. Anadutsa chikwama cha Mzime, mwana wamkazi wa a Positi, osachinunkhiza n'komwe, anadutsanso cha mwamuna wake, kenako anakakhala pansi pafupi ndi sutikesi yobiriwira ya a Positi, lilime lili panja, ngati wafika kwawo.

A Sisita anaseka chamumtima. Anaganiza za mabisiketi. Amuna awo, ngakhale anali ndi matenda a shuga, ankabisa mabisiketi m'masokosi ngati mwana wa sukulu yogonera konko, ndipo zaka makumi atatu zimene iwo anagwira ntchito ya unamwino sizinathe kuwasiyitsa khalidwe limeneli.

"Ya ndani iyi?" anafunsa wapolisi wamkazi amene ankayang'anira pachipata chotulukira m'nkhalango ya nyama. Anzake ankamutchula kuti Sajeni.

"Yanga," anatero a Positi, akuvula kachingwe ka kiyi kamene kanali m'khosi mwawo.

Anapuma pantchito ali mkulu wa positi ofesi, dzinalo n'kuwakanirira mpaka lero. Ngakhale zovala ankalongedza ngati katundu wotumiza kutali, malaya paokha, mathalauzi paokha. Sajeni anachotsa zonsezo chimodzichimodzi. Pansi penipeni panali phukusi la pulasitiki yakuda lomangidwa ndi tepi. Atalicheka ndi kampeni, ufa wa khofi unakhuthukira patebulo, ndipo mkati mwa ufawo munaonekera chinthu chotuwa, chopindika, chotalika ngati mkono wa mwana.

"Nyanga ya chipembere," anatero Sajeni mosakweza mawu. "Bambo, tambasulani manja."

Ulendowu unali mphatso. Mkamwini wawo, wochita malonda a zipangizo za galimoto, ndiye analipira zonse pokondwerera kuti apongozi ake akwanitsa zaka makumi anayi ali m'banja. Kanali koyamba kuti a Sisita ndi a Positi akwere ndege. Masiku asanu anaona njovu, njati, mbidzi ndi mikango iwiri yaulesi, ndipo a Positi ankalemba nyama iliyonse m'kabuku. Tsopano kabuku kaja kanagwa m'thumba pamene ankawamanga unyolo, ndipo palibe anakatola.

* * *

Polisi ya pachipatapo inali ya zipinda ziwiri. Sajeni analemba ndi pensulo.

"Munalongedza liti?"

"Dzulo faifi koloko madzulo, tisanapite kukadya," anayankha a Positi. "Ndinakhoma loko. Kiyi sachoka m'khosi mwanga."

"Lero m'mawa?"

"Tinanyamuka sikisi koloko kukaona nyama komaliza, tonse anayi. Tinabwerera kuloji teni koloko, n'kukweza katundu."

"Ndiye nkhani yatha pamenepo," analowerera mkamwini. Anali wamtali, wa mawu ozolowera kulamula antchito. "Maola anayi tonse tinali m'galimoto limodzi, dalaivala ndi mboni. Amene analowa m'chipinda cha apongozi anga ndi wokonza m'zipinda. Anthu akuno njala yawapweteka, Sajeni, inu mukudziwa. Amaika katundu m'zikwama za alendo, wina n'kukachotsa kubwalo la ndege."

Sajeni anaika pensulo pansi.

"Njala yatipwetekadi," anatero. "Mayi ameneyo ndikamutenga masana, njinga yamoto ikapeza mafuta. Koma katundu wapezeka ndi bambowa. Mawa m'mawa apita kukhoti mumzinda. Mlandu wotere kuno ndi zaka khumi ndi zisanu."

A Sisita anawerengera mosafuna. Amuna awo anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu, ndipo jakisoni wawo ankafunika kusungidwa pozizira. Anayang'ana Mzime, mwana wawo womaliza, amene anali ndi pathupi pa miyezi isanu. Anakhala pabenchi atagwira mimba, maso ali pansi.

"Ine ndi Mzime tikwera ndege ya lero lomwe," anatero mkamwini atatuluka panja. "Tikapeze loya wabwino kwathu, tikadziwitsenso a ofesi ya kazembe. Inu amayi mutsale kuloji, ndalipira kale. Takisi itipeza folo koloko."

"Chabwino, bambo," anayankha a Sisita. Nthawi inali itangokwana thwelofu.

* * *

Dalaivala amene anawayendetsa masiku onsewo anawabweza kuloji. Anali munthu wolongolola, wodziwa njovu iliyonse ndi mbiri ya banja lake, koma ulendo uno anayenda theka la njira ali duu. Atafika pa dambo lina anachepetsa liwiro.

"Mukukumbukira pano, mayi? Lachitatu munafunsa chifukwa chake miimba inali yambiri, ine n'kunama kuti mkango wagwira njati. Sitiuza alendo. Chinali chipembere chachikazi. Ndinachidziwa chili kamwana, ine ndikungoyamba ntchito. Anachidula nkhope chikupumabe."

"Anachipha ndani?"

"Wowombera ndi wakuno, sindingakane. Fakitale ya nsalu itatsekedwa, anyamata ambiri analowa m'tchire. Koma wowombera sakwera ndege, mayi. Alibe n'chiphaso chomwe. Pamakhala wina wovala bwino."

Mkamwini, amene anakhala kumbuyo, anali pa foni. Mzime anatseka maso.

* * *

A Sisita anapeza wokonza m'zipinda uja kochapira, akupinda nsalu zofunda. Nkhani inali itafika kale.

"Mayi, sindinaigwire, mayi. Ndinalowa eyiti koloko, ndinayala bedi, ndinakolopa, ndinatuluka. Sutikesi ndinangoikankha ndi phazi kuti ndikolope pansi pake, mundikhululukire, ndi phazi. Kwathu tilipo asanu ndi awiri, wogwira ntchito ndine ndekha. Akanditenga, mayi, ana aja..."

"Khalani pansi," anatero a Sisita ndi mawu amene ankalankhulira ndi odwala usiku woti mawa apita kuopaleshoni. "Sindinabwere kudzakunenezani. Mundiuze zimene munaona, ngakhale zooneka zopanda pake."

"Palibe, mayi. Zonse zinali m'malo mwake. Bambo aja ndi aukhondo, ngakhale thaulo amapinda okha." Anapukuta mphuno. "Kungoti ndinachita kaduka pang'ono."

"Kaduka ka chiyani?"

"Khofi. Nditangotsegula chitseko, fungo linandilandira. Ndinati alendowa n'ngochenjera, anabwera ndi wawo. Ine chaka chatha ndisanamulawe. Ndinaima pakhomopo kaye, kungonunkhiza."

"Mutangotsegula? Musanagwire kanthu?"

"Ndisanalowetse ndi ndowa yomwe."

A Sisita anakumbukira. Fungo limenelo ankalidziwa. Iwonso linawadzutsa m'mawa, kusanache bwino. Anasangalala, poganiza kuti kukhitchini apeza khofi tsiku lomaliza, koma atafika kodyera anapatsidwa tiyi yemwe uja wa masiku onse. Sanaziganizirenso. Ngati fungolo linali m'chipindamo iwo asanapite kukaona nyama, ndiye kuti maola anayi aja, amene mkamwini ankawadalira, analibe ntchito. Phukusi linagona nawo m'chipinda usiku wonse.

* * *

Wophika anali chimunthu chonenepa, chovala epuloni yong'ambika. Ankasenda anyezi ndipo sanasiye.

"Khofi? Mayi, mukundifunsa za malemu. Ogulitsa akufuna ndalama zakunja, bwana alibe. Inu simunaone pepala la zakudya? Mitengo taimata kachitatu sabata ino yokha. Nkhuku ya Lolemba ndi ya Lachisanu ndi pachibale, koma mtengo ngati wina anapita kusukulu."

"Panalibe ngakhale pang'ono?"

"Chinalipo chitini chimodzi chachikulu. Ndinachibisa kuseri kwa mpunga kuti akabwera eni loji ndisachite manyazi. Lachinayi ndinapeza malo okha." Analoza ndi mpeni cha kodyera. "Funsani aphunzitsi. Ndi okhawo amadziwa kumene ndimabisa zinthu. Koma muwafunse mofatsa, amalira msanga."

Amene ankatchedwa aphunzitsi anali woperekera zakudya, bambo wa imvi amene ankavala tayi ngakhale kutenthe bwanji. Anaphunzitsa sukulu zaka makumi awiri, n'kusiya ataona kuti malipiro a mwezi sakufika pakati pa mwezi. A Sisita anawapeza akupukuta mafoloko m'chipinda chodyera, momwe matebulo khumi ndi awiri anali oyalidwa bwino koma opanda munthu.

"Ndiyankha mwadongosolo, mayi, ngati mungalole," anatero atamva funso. "Choyamba, ndinalakwa. Chitinicho ndinachipereka kwa mlendo popanda chilolezo. Chachiwiri, sindinalandire kanthu, ngakhale anafuna kundipatsa. Mkazi wanga ali ndi pathupi ankafuna fungo la sopo wochapira, usana ndi usiku. Ndiye munthu woyembekezera akandiuza kuti mseru wake umaleka akanunkhiza khofi, ine sindifunsa zambiri."

A Sisita anagwira mpando.

"Munthu woyembekezera."

"Mwana wanu, mayi. Anabwera yekha Lachinayi masana, nonse mukupuma."

Panja nyani anathamanga padenga la malata. A Sisita anadikira kuti phokosolo lithe.

"Dzulo madzulo," anatero kenako, "pa chakudya. Mukukumbukira chiyani?"

"Munadya nsomba yowotcha ndi mbatata, bambo aakulu anapempha supu kawiri. Munakhala pansi hafu sikisi. Mbale zitangofika, bambo aang'ono anadzuka. Ndikukumbukira chifukwa mbale yawo ndinaitenthetsa kawiri, ndipo wophika anandikalipira, gasi ndi wovuta masiku ano. Anabwera inu mukumaliza zipatso. Mphindi makumi anayi, kapena kupitirira."

Sanafunikire kuwauza zambiri. A Positi anali ataiwala mapiritsi awo kuchipinda, a Sisita n'kuyamba kudzuka kuti akatenge. Mkamwini anawaletsa mwaulemu. Khalani amayi, miyendo yanga ikadali yatsopano. Iwo anatsegula kachikwama kawo, n'kumupatsa kiyi wa chipinda m'manja. Pobwera anati anachedwa ndi foni, netiweki imangopezeka kuthanki ya madzi. Ndipo iye ndiye anagula masutikesi aja, pamodzi ndi maloko ake. Loko aliyense amabwera ndi makiyi awiri. A Positi anapatsidwa mmodzi.

"Mayi, ndikubweretsereni madzi?" anafunsa aphunzitsi.

"Ayi. Nthawi ili bwanji?"

"Kota pasiti thu."

* * *

Mzime anali yekha m'chipinda chawo, atakhala pabedi, nsapato zili kale kumapazi. Mwamuna wake anali kuthanki ya madzi. A Sisita anatseka chitseko, n'kuchitsamira.

"Mseru uli bwanji?"

"Uli bwino, amayi."

"Khofi uja anathandiza?"

Mzime anadzutsa mutu. A Sisita anaona nkhope imene anaiona kalekale, tsiku limene mwanayu anaswa botolo la mankhwala n'kunamizira mphaka. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano panalibe mphaka.

"Amayi..."

"Ndinakubereka ine ndemwe, kuchipatala chomwe ndinkagwira ntchito. Usandinamize. Unkadziwa kuti ndi wa chiyani?"

Misozi inayamba kutsika, koma mawu anatuluka owuma.

"Poyamba ayi. Anangoti ndikapemphe. Lachinayi usiku ndinaona phukusi, ndinafunsa, anandiuza kuti khofiyo ndi wobisira agalu fungo la nyanga. Shopu yatsala dzina lokha, amayi, mashelefu ali mbee, inu simudziwa. Anati ndi kamodzi kokha. Ndinamuuza kuti aike m'chikwama chake."

"Ndiye?"

"Anati okalamba sawasecha."

A Sisita anakumbukira mmene mkamwini ankawajambulira zithunzi pafupi ndi mvuu, mmene ankawasankhira nyama yofewa patebulo, mmene anakakamirira kuti a Positi avale jekete ndi chipewa pa ulendo wobwerera kuti aoneke olemekezeka.

"Ulendo wonsewu unali wa zimenezi?"

A Sisita analoza kumapazi kwake.

"Ndipo iwe unavala nsapato. Ukanakwera ndege, bambo ako ali m'chitolokosi."

"Anati loya akawatulutsa. Anati akaona msinkhu wawo awamvera chisoni. Amayi, ndichite chiyani? Ndi bambo wa mwana uyu."

"Uja ali uko ndi bambo wa ndani?"

Anatsegula chitseko. Mzime anawagwira mkono.

"Mukanena, anditenga ndi ine. Ndikaberekera kundende, dziko la eni. Amayi, chonde."

A Sisita anayang'ana dzanja lija. Zala zinali zitayamba kutupa, ndipo mwa chizolowezi anaganiza kuti mwanayu akufunika kuyezedwa kuthamanga kwa magazi. Analichotsa pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Vula nsapatozo, ukweze miyendo papilo," anatero, n'kutuluka.

* * *

Dalaivala anangoyang'ana geji ya mafuta, n'kupukusa mutu, n'kuliza galimoto. Panjira anaima kamodzi kokha, gulu la njovu likuwoloka msewu mosafulumira, ana ali pakati. A Sisita anaziyang'ana osaziona.

Anafika pachipata thiri koloko itadutsa. Sajeni anali pakhonde, njinga yamoto ili pomwe inali m'mawa.

"Ndabwera ndi mawu," anatero a Sisita. "Mayi wokonza m'zipinda uja mumusiye."

"Ndamusiya kale." Sajeni analowa mkati, n'kutenga pepala patebulo. "Amuna anu avomera. Anandiitana wani koloko. Akuti anagula kwa munthu amene sakumudziwa dzina, kuseri kwa loji, ndipo analongedza okha. Asayina apa."

Siginecha inali yawodi, yoongoka, yokhala ndi kamzere pansi.

"Inu mwakhulupirira?"

"Ndawafunsa kuti anagula ndalama zingati. Mtengo umene anatchula sungagule ndi mbuzi yomwe." Sajeni anapinda pepalalo. "Koma ine ndili ndi nyanga, ndili ndi munthu, ndili ndi siginecha. Mabwana anga safuna zoposa pamenepa. Muli ndi mphindi zisanu."

Chitolokosi chinali kachipinda ka zenera limodzi. A Positi anakhala pabenchi ya simenti, opanda lamba, opanda zingwe za nsapato, koma malaya atawapisira bwinobwino m'thalauzi.

"Mwadya?" anafunsa a Sisita.

"Andipatsa buledi. Anthu abwino."

"Mwasayina bodza."

A Positi anayang'ana manja awo.

"Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala ndikunyamula katundu wa anthu, mayi. Ndikanyamula phukusi ndimadziwa kulemera kwake sikelo isananene. Lero m'mawa, pokweza sutikesi m'galimoto, ndinamva kuti yawonjezera makilo awiri. Ndinati nditsegule. Nditatembenuka ndinaona Mzime akundiyang'ana. Sindinadziwe kuti n'chiyani. Koma ndinadziwa kuti akudziwa."

"Ndiye mwati mufere muno."

"Ndakalamba kale. Iye wanyamula miyoyo iwiri."

"Mwakalamba nokha? Ine mwandifunsa?" anatero a Sisita. "Muno simutha miyezi itatu, ndikudziwa ndine, shuga wanu ndimayeza ndine. Mukafa, mwamuna uja adzapeza nkhalamba ina yoti aigulire sutikesi. Mwina ine. Ndipo Mzime adzakhala naye moyo wake wonse, akudziwa chimene anachita, akumuyalira pogona. Mukuti mukumupulumutsa?"

"Akamangidwa sadzatikhululukira."

"Asatikhululukire. Bola adzakhale ndi bambo woti amukwiyire."

A Positi anaphimba nkhope ndi manja. Pa zaka makumi anayi, a Sisita anawaona akulira kawiri kokha. Anafuna kulowetsa dzanja pa zitsulo za chitseko kuti awagwire phewa, koma anadziwa kuti akatero sadzathanso kuchita chimene anabwerera.

Anabwerera kuofesi. Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane folo.

"Takisi yochokera kuloji idutsa pachipata pano?" anafunsa.

"Njira ndi imodzi yokha," anayankha Sajeni.

"Muli anthu awiri. Mmodzi ndi woyembekezera, miyendo yatupa. Ameneyo musamuike unyolo, sathawa. Ndikhala naye ine kulikonse kumene mumuike."

Sajeni anaitana mnzake wa galu uja, n'kumuuza mawu ochepa m'chilankhulo chawo. Wapolisiyo anatuluka, ndipo a Sisita anamva chitsulo cha pachipata chikutsika.

"Mukudziwa kuti mukayamba simungabwezenso?" anafunsa Sajeni, akusongola pensulo ndi kampeni kaja.

"Ndikudziwa."

"Tiyambire pati?"

A Sisita anakoka mpando, n'kukhala, kachikwama kali pamiyendo.

"Yambirani pa ine," anatero. "Lembani kuti dzulo, hafu sikisi madzulo, kiyi wa chipinda ndinapereka ndine."